Kodi Mumadziwa? Kulimbirana Madzi, Dzuwa ndi Chakudya ku Mukobeko

Dzina la Mukobeko likatchulidwa, ambiri amaganiza za ndende yaikulu ya ku Kabwe ija, imene inasungako a Hakainde Hichilema mu 2017 asanakhale mtsogoleri wa dziko. Koma ku Mukobeko kulinso makomo a anthu, timinda ta chimanga kuseri kwa nyumba, nkhuku, mitengo ya mango, apo ndi apo chulu cha chiswe. Mvula ya kuno imayamba mu Novembala n'kusiya cha mu Malichi, kenako kumauma gwa miyezi yoposa 6. Chamoyo chilichonse, kuyambira udzu mpaka khoswe wa kudenga, chimalimbirana ndi chinzake madzi, dzuwa, chakudya ndi pokhala.

Kodi mumadziwa kuti mlandu wa m'munda wa chimanga umagamulidwa chimangacho chisanafike m'chiuno? Masabata 6 oyambirira ndiwo ofunika. Nthawi imeneyi mizu ya chimanga ikadali pamwamba, masamba sanatseke mizere, ndiye chisoso, khovani ndi kapinga akapeza mpata amayamba ndi iwo kumwa feteleza wodula uja. Wopalira mochedwa amachotsa udzu ndithu, munda n'kuoneka bwino, koma zimene udzuwo unadya kale sizibwereranso. Chimanga chikatseka pamwamba zinthu zimatembenuka, pakuti mthunzi wake ndi umene umayamba kufooketsa udzu.

Bonongwe, yemwe timanyambita naye zala akatenderedwa, ndi mdani woopsa wa chimanga chifukwa chofanana nacho. Zonse ziwiri zili m'gulu la zomera zimene akatswiri amazitcha C4, zokula msanga kukatentha komanso zosataya madzi ambiri. Chimene chimanga chikufuna lero, bonongwe akuchifunanso lero lomwelo. Tsinde limodzi lalikulu limatha kubala njere zopitirira 100,000. Mwayi wathu ngwakuti mdani ameneyu amalowa mumphika.

Mu 1977 katswiri wa ku America, LeRoy Holm, ndi anzake anasanja udzu wovutitsa alimi pa dziko lonse lapansi. Woyamba anali mtundu wina wa dawe, wachiwiri kapinga. Onse awiri amabisa mphamvu pansi, dawe m'timbatata take, kapinga m'mitsitsi yake yoyanga. Khasu likawadula n'kuwasiya pomwepo limangowachulukitsa.

Kaufiti ndi nkhani ina. Iye salimbirana ndi chimanga, amachita kuchibera. Njere zake sizifika ngakhale theka la milimita, ndipo zimatha kugona m'nthaka zaka zoposa 10 osamera. Zimadikira mankhwala ena amene mizu ya chimanga, mapira kapena mawere imatulutsa. Zikangowamva zimamera, n'kudziphatika ku muzu, n'kuyamba kuyamwa. Pomwe maluwa ofiira aja akuonekera pamwamba, chimanga chimakhala chitayamwidwa kale kwa masabata angapo. Chosangalatsa n'chakuti kaufiti amapusitsika. Mizu ya soya, thonje ndi mtedza imatulutsanso mankhwala odzutsa njere zake, koma akamera sapeza pogwira ndipo amafa m'masiku ochepa. Mlimi wa kuno amene amasinthanitsa chimanga ndi soya amakhala akuchepetsa njerezo chaka ndi chaka, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

Kodi mumadziwa kuti lamulo lalikulu pa nkhaniyi linatulukira m'kabotolo? Mu 1934 wasayansi wachinyamata wa ku Moscow, Georgy Gause, anafalitsa zimene anaona poweta tizilombo ta m'madzi tosaoneka ndi maso, totchedwa Paramecium. Anali ndi mitundu iwiri, aurelia ndi caudatum. Uliwonse ukakhala m'botolo lakelake unkaswana bwinobwino. Ataiphatikiza m'botolo limodzi n'kumaipatsa chakudya choyeza, aurelia anachuluka ndipo caudatum anazilala mpaka kutha m'masabata ochepa. Panalibe kulumana. Winayo ankangodya ndi kuswana mofulumirako pang'ono, basi. Akuluakulu anati atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo akatswiri a zamoyo amanena zomwezo motalikitsa: mitundu iwiri yodalira chinthu chimodzi, pamalo amodzi, m'njira imodzi, singakhalitse pamodzi. Koma kwa ine botolo lofunika kwambiri ndi lachiwiri. Gause ataphatikiza caudatum ndi mtundu wina, bursaria, yonse iwiri inakhala, chifukwa wina ankadya zoyandama m'madzi pamene mnzake ankadya zodikha pansi. Kusiyana pang'ono kokhako kunakwanira kuti pasafe wina.

Mtengo wa msangu umadziwa bwino njira imeneyi. Mitengo ina yonse ikamaphuka ndi mvula, msangu umayoyola masamba. Miyezi imene chimanga chikufuna dzuwa, iwo umakhala mbee, ndipo masamba ogwawo amawolerana n'kusanduka manyowa. Chimanga chikakololedwa m'pamene umavalanso, ukumwa madzi akuya ndi muzu wake wautali. Bungwe la Conservation Farming Unit lakhala likulimbikitsa alimi a m'Zambia kubzala misangu 100 pa hekitala, motalikirana mamita 10, ndipo odutsa pa Chisamba pochokera ku Lusaka akhoza kuiona m'minda ya kafukufuku ya Golden Valley. Yerekezani ndi bulugamu, wobwera kuchokera ku Australia. Iye sayoyola masamba onse, amamwa chaka chathunthu, ndipo mizu yake imayala kutali m'mbali. N'chifukwa chake mizere ya chimanga yoyandikana ndi bulugamu wa m'malire imakhala yopinimbira, mikangano ya anthu oyandikana minda n'kuyambira pomwepo.

Nandolo amachita mwaulemu. Miyezi iwiri yoyamba amakula pang'onopang'ono pansi pa chimanga, akuzamitsa muzu kufika kumene mizu ya chimanga sifika. Chimanga chikauma ndiye nthawi yake yotambasuka.

Kodi mumadziwa kuti mbozi za m'chimanga zimalandana munda? Kalekale mwini munda anali kapuchi wa kuno ku Africa, Busseola fusca. Cha m'ma 1930 ku Malawi kunaoneka kapuchi wina wochokera ku Asia, Chilo partellus, amene amakula msanga ndi kudzuka msanga chilimwe chikatha. M'madera ambiri otsika ndi otentha mlendoyu anam'kankhira pambali mwini malo. Kenako kumapeto kwa 2016 m'Zambia munalowa ntchemberezandonda za mtundu watsopano zochokera ku America, ndipo zinavuta mpaka boma la a Edgar Lungu linatuma ndege za asilikali kunyamula mankhwala. Mbozi imeneyi ilibe chisoni. Ikakula imadya tinzake ta mtundu wake womwe, ndiye mukatsegula kunsonga kwa chimanga mumapezamo imodzi kapena ziwiri zokha zazikulu. Ikakumana ndi kapuchi wamng'ono imam'dyanso. Ofufuza a ku Uganda anaona kuti chibwerereni mboziyi, akapuchi achepa m'chimanga ndipo akupezeka kwambiri m'mapira. Mlimi sanapindulepo kanthu, wangosintha womudyera.

M'nkhokwe namo muli alendo. Nankafumbwe wamkulu, wochokera ku Central America, anayamba kuoneka ku Tabora m'dziko la Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo anafika m'Malawi ndi m'Zambia kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Amaposa nankafumbwe wathu wakale pa chinthu chimodzi: amaboola zolimba. Chimanga chosatonola, makaka a chinangwa, ngakhale mitengo ya nkhokwe yeniyeniyo, zonse amalowa. Kusunga chimanga ndi makoko ake, kumene kunkathandiza makolo athu, kwa iyeyu n'kumuyalira mphasa.

Kwezani maso kudenga. Khoswe amene amathamanga usiku pamwamba pa mitanda si wa kuno. Kwawo kwenikweni ndi kumwera kwa Asia, ndipo anafika ndi zombo za amalonda, n'kulowa kumtunda potsata misewu, njanji ndi matumba a chakudya. Njanji inafika ku Broken Hill, lomwe ndi dzina lakale la Kabwe, mu 1906. Asanabwere khoswe, wolowa m'nyumba ndi m'nkhokwe anali kapuku, mbewa ya m'munda ija. M'madera ambiri a mu Africa ofufuza apeza kuti khoswe akakhazikika m'nyumba, kapuku amachepamo n'kubwerera kumunda. Khoswe ngwamkulu, ngwaukali, ndipo amakwera. Kumunda nako kapuku sagonja, chifukwa amaswa ana 10 kapena kuposa pa nthawi imodzi, ndipo mvula ikagwa bwino amadzaza munda wonse. Anagawana malo: wina denga, wina una.

Pakati pa tauni ya Kabwe pali mkuyu waukulu uja wotchedwa Big Tree, umene boma linauika m'gulu la zinthu zosungidwa za dziko. Pansi pake pankasonkhana anthu tauniyi ikungoyamba. Mbale wake wa mkuyu, kachere, ali ndi njira yoipa yopezera dzuwa. Mbalame kapena mleme ukasiya njere yake pamphanda ya mtengo wina, kachere amamera pomwepo, m'mwamba, kumene kuwala kuli kale. Amatsitsa mizu mpaka pansi, mizuyo n'kukula, n'kulumikizana, n'kuzinga thunthu la mwini malo. Pamwamba masamba ake amaphimba a mnzake. Pakapita zaka, mtengo wa m'katiwo umafa n'kuwola, kachere n'kutsala ali chilili ndi mphako pakati.

Kodi mumadziwa kuti mwezi umene mwatenthera tchire ndi umene umasankha wopambana pakati pa mitengo ndi udzu? Ku Ndola, kumpoto kwa Kabwe, a zankhalango anapatula zigawo za nkhalango ya miombo mu 1933. Zina ankazitentha chaka chilichonse cha mu Juni kapena Julayi udzu usanaumitsitse, zina mu Okutobala kutatentha kwambiri, zina sankazitentha n'komwe. Colin Trapnell analemba zotsatira zake mu 1959. Kumene moto unkapita mu Okutobala, mitengo ya mombo ndi mutondo inatha pang'onopang'ono, kunatsala udzu wautali ndi mitengo yopirira moto monga mlombwa. Kumene unkapita msanga, nkhalango inakhalabe ndipo timitengo tinkakula. Kumene sunapiteko, mitengo inathithikana mpaka udzu unasowa dzuwa. Apa pali chinthu chochenjeretsa: udzu sungapose mtengo msinkhu, koma ukauma umasanduka nkhuni zootchera ana a mtengowo, pamene mizu yake ili phee pansi kudikira mvula. Anyamata osaka mbewa amene amayatsa tchire mu Okutobala amakhala akumenyera nkhondo udzu. Owotcha makala akadula mitengo ikuluikulu, udzu umachuluka, moto wa chaka chotsatira n'kukula kuposa kale.

Nthaka ya ku Kabwe ili ndi mbiri yakeyake. Mtovu ndi zinki zinapezeka kuno mu 1902, ndipo mgodi unagwira ntchito mpaka 1994. Unasiya mulu wa zotsalira umene anthu amautcha Black Mountain, ndi fumbi la mtovu limene lavulaza ana ambiri m'makomboni monga Kasanda, Makululu ndi Chowa. Pa nthaka yotere zomera zambiri zimalephera, ndipo zochepa zopirira zimapeza malo opanda wolimbirana naye. Ku Wales, pa mgodi wakale wa mtovu ndi zinki wa Trelogan, Anthony Bradshaw ndi ophunzira ake anapeza kuti udzu womera pa zotsalira za mgodi unasintha n'kukhala wopirira poizoni, pamene udzu wa mtundu womwewo, mamita ochepa kuseri kwa malire, sunali wopirira. Chodabwitsa chinali chakuti wopirira uja ukabzalidwa pa nthaka yabwino unkagonja kwa mnzake. Kupirira kuli ndi mtengo wake. Ku Copperbelt kuli kachitsamba kamene kamakonda nthaka yodzaza ndi kopa, Ocimum centraliafricanum, ndipo ofufuza miyala ankakagwiritsa ntchito ngati chizindikiro cha pamene pali mkuwa pansi. Chenjezo kwa a timinda ta masamba kufupi ndi mgodi: kumera bwino kwa ndiwo sikutanthauza kuti fumbi la pamasamba ake lilibe mtovu.

Kodi mumadziwa kuti nsomba za ku Lukanga zinalandidwa mpweya ndi chomera chosabala njere? Dambo la Lukanga, kumadzulo kwa Kabwe, lili ndi mahekitala 260,000 ndipo linalowa m'ndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse wa Ramsar mu 2005. Nsomba zambiri zogulitsidwa m'misika ya ku Kabwe zimachokera kumeneko. M'damboli munalowa Salvinia molesta, chomera choyandama cha ku Brazil chimene chimaswana pongoduka: kachidutswa kalikonse ndi chomera chatsopano, ndipo madzi akafunda chimatha kuwirikiza kawiri m'masiku ochepa. Chikayala pamwamba, dzuwa silifika pansi, zomera za m'madzi zimafa, mpweya umachepa, nsomba n'kuthawa, bwato nalo n'kulephera kudutsa. Pa nyanja ya Kariba chinafika pophimba gawo limodzi mwa magawo 5 a madzi onse mu 1962, n'chifukwa chake ambiri amachitcha Kariba weed. Kwawo ku Brazil sichivuta chonchi, chifukwa kuli kachilombo ka mamilimita 2 okha, Cyrtobagous salviniae, kamene kamadya nsonga zake ndipo ana ake amaboola tsinde. Bungwe la BirdWatch Zambia lakhala likuweta tizilomboti n'kumatithira mu Lukanga. Alendo ambiri opambana amapambana motere, osati chifukwa cha mphamvu zoposa, koma chifukwa adani awo anatsala kwawo.

Mu mtsinje wa Kafue, nsomba ya mtundu wa chambo yochokera ku Nile inathawa m'maiwe oweteramo nsomba cha ku Mazabuka m'zaka za m'ma 1980. Imakula msanga, imadya zomwe eni mtsinje amadya, imalanda malo oikira mazira, ndipo choipitsitsa imakwatirana ndi nsomba ya kuno ya madontho atatu, Oreochromis andersonii. Ana obadwawo sakhalanso a mtundu weniweni wa Kafue. Dziko la Malawi limaletsa kuweta nsombayi m'dera lothira madzi mu nyanja yake poopa kuti chambo chingaone zomwezi.

Koma si mlendo aliyense amene amalanda. Kapenta wa ku Kariba anatengedwa ku nyanja ya Tanganyika mu 1967 ndi 1968. Nsomba za mu Zambezi zinazolowera mtsinje, ndiye damu litadzaza zinkangokhala m'mphepete, pakati pa nyanja pali pululu. Kapenta anapeza mbale yopanda mwini. Anaswana, ena anatsika ndi madzi mpaka ku Cahora Bassa m'chigawo cha Tete, ndipo lero ndi ndiwo ya pafupifupi khomo lililonse ku Mukobeko.

Ku Lochinvar, m'zigwa za Kafue, chitsamba cha minga cha ku America chotchedwa Mimosa pigra chinali pa kamalo kochepa cha m'ma 1980. Pofika cha m'ma 2005 chinali chitaphimba mahekitala pafupifupi 3,000 a msipu. Damu la Itezhi-Tezhi linali litasintha kasefukiridwe ka madzi, ndipo chitsambachi chinapezerapo mwayi. Pamene chamera, udzu sumera. Nyama za lechwe za ku Kafue, zimene sizipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi, zinali pafupifupi 100,000 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, koma mu 2015 zinali zosakwana 30,000. Opha nyama mozemba ali ndi gawo lawo pa kuchepaku, ng'ombe zolimbirana nazo msipu zilinso ndi lawo.

Kodi mumadziwa kuti miimba imene imaoneka ngati ikungokanganirana nyama yakufa ili ndi dongosolo? Muimba waukulu wa mutu wofiira ndi mlomo wamphamvu ndiwo umang'amba chikopa ndi kudya mitsempha yolimba. Ya msana woyera, ya makosi ataliatali, imabwera yambiri n'kulowetsa mitu m'kati kudya zofewa. Waung'ono wa mlomo wowonda umadikira pambali n'kumatola tizidutswa ndi zotsalira m'mafupa. Nyama imodzi, midyedwe itatu. Mafamu ena a ku Chisamba anagwirizana zoti asamaike poizoni pa nyama zakufa kuti mbalamezi zikhale ndi kodyera kopanda ngozi.

Zodya udzu zimachitanso chimodzimodzi. Richard Bell, amene pambuyo pake anagwira ntchito ku Kasungu ndi ku Luangwa, analemba mu 1971 za mmene nyama za ku Serengeti zimatsatizirana. Mbidzi zimayamba, kudya udzu wautali wolimba umene mimba zawo zimatha kugaya wambiri msangamsanga. Nyumbu zimabwera pambuyo kudya masamba ofewa amene aonekera. Agwape aang'ono amatsiriza ndi timphukira. Woyambayo amakhala akukonzera wotsatira.

Zodya nyama ndiye sizikonzerana. Mikango imapha ana a afisi ndi a mimbulu ngakhale isakufuna kuwadya, ndipo kumene mikango yachuluka mimbulu imapewako. Kambuku amakweza nyama yake mumtengo. Mimbulu imameza mothamanga afisi asanamve fungo. Ku Liuwa, kumadzulo kwa Zambia, mikango inaphedwa mpaka kunatsala waukazi umodzi wokha, Lady Liuwa, umene unafa mu 2017. M'zaka zimenezo afisi anachuluka kufika mazanamazana n'kukhala alenje akuluakulu a chigwa chonse, akugwetsa nyumbu okha.

Mu nyanja ya Malawi muli mitundu yoposa 700 ya nsomba za banja limodzi ndi chambo. Zimakhalirana chifukwa pakamwa pawo m'posiyana. Mbuna zina zimapala ndere pamwala, zina zimazula, ina imadya mamba a zinzake. Kaligono amagona chammbali pamchenga ngati wafa, kansomba kakabwera kudzaona n'kukameza.

Chulu chili kuseri kwa nyumba yanu chija ndi munda. Chiswe cha mtundu wa Macrotermes sichigaya chokha udzu ndi nkhuni zimene chimatuta. Chimaunjika zimenezi m'zipinda za pansi n'kubzalapo bowa wa mtundu umodzi wokha, Termitomyces, amene amazifewetsa kuti zidyeke. M'zipindamo mumakhalanso mbewu za nkhungu ina yokula msanga, koma chiswe chimaipalira ndi kuikwirira ndi dothi. Ofufuza akachotsa chiswe, nkhunguyo imaphimba munda wonse m'masiku ochepa. Bowa wodyedwa wamkulu koposa pa dziko lapansi amachokera pa ulimi umenewu. Ndi Termitomyces titanicus, amene a Chibemba amati icikolowa, ndipo chipewa chake chimatha kufika mita imodzi m'mimba mwake. Anthu akhala akum'dya kuyambira kale, koma m'mabuku a sayansi analowa mu 1980, David Pegler ndi Graham Piearce atam'lemba kuchokera m'Zambia muno.

Anthu nafenso tili m'nkhaniyi. Pa 17 Juni 1921 wokumba mgodi wa ku Switzerland, Tom Zwiglaar, anapeza chigaza cha munthu wakale mu mgodi wa Broken Hill. Chigazacho chili ku Natural History Museum ku London, ndipo Zambia yakhala ikupempha kuti chibwerere. Mu 2020 akatswiri anachiyezanso n'kupeza kuti chili ndi zaka pafupifupi 299,000. Nthawi yomweyo ku Morocco kunali kale anthu oyambirira a mtundu wathu, ndipo ku South Africa kunali mtundu wina wa mutu waung'ono, Homo naledi. Africa inali ndi mitundu ingapo ya anthu pa nthawi imodzi. Lero watsala umodzi.

Kodi mumadziwa kuti chuku chimagonjetsedwa ndi chuku chinzake? Mu Ogasiti 2024, chaka cha chilala chimene boma linachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko, nduna ya zaumoyo a Elijah Muchima inauza anthu kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga chokhala ndi poizoni wa aflatoxin. Poizoniyu amapangidwa ndi nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus, imene imakonda chimanga ndi mtedza zovutika ndi ng'amba, ndipo amawononga chiwindi cha munthu. Kuphika sikum'chotsa. Koma m'nthaka momwemo muli mitundu ina ya nkhungu yomweyi imene sipanga poizoni. Akatswiri a bungwe la IITA pamodzi ndi a Zambia Agriculture Research Institute anasankha mitundu yotere ya m'Zambia momwe muno, n'kuipaka pa njere za mapira zowotcha kuti zisamere, n'kuzithira utoto wa buluu kuti munthu asazidye. Dzina lake ndi Aflasafe. Mlimi amamwaza makilogalamu 10 pa hekitala, masabata 2 kapena 3 chimanga chisanatulutse ngayaye. Nkhungu yabwinoyo imamera pa mapirawo, imafalikira m'munda, n'kuyamba ndi iyo kukhala pa chimanga, moti yapoizoni ija ikafika imapeza malo atatha. M'minda imene njirayi yayesedwa m'maiko angapo a mu Africa, poizoni amatsika ndi 80 peresenti kapena kuposa. Womwaza mochedwa, ngayaye zitatuluka kale, amangotaya ndalama, ndipo chimanga chikakololedwa chimafunikabe kuumitsidwa bwino pa mphasa kapena pa lona, osati pa dothi.